Bizinesi yothandiza pa maliro ku Namitete: mafunso ndi mayankho

Kumadzulo kwa Lilongwe, kuyambira pa Mpingu kudutsa pa Msundwe mpaka pa Namitete, ngakhalenso cha ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, maliro ambiri akuyendabe mwa makolo. Kukagwa zovuta amfumu amva, uthenga uyenda, masamba aikidwa pamsewu, adzukulu alawirira kumanda. Komabe zina zasintha. Anthu ochuluka akumwalirira m'chipatala, ena m'tauni, enanso ku Joni, ndipo thupi limafunika kulisunga, kulinyamula ndi kuliika m'bokosi. Apa ndi pamene akulowera anthu a bizinesi. Mafunso otsatirawa ndi amene amazunguza munthu woganiza zoyamba ntchitoyi kuno.

Poti mudzi umadziikira wokha maliro ake, ine ndidzagulitsa chiyani?

Mudzagulitsa zokhazo zimene mudzi sungathe kudzichitira. Manda amakumba ndi adzukulu. Nsima amaphika ndi amayi a m'mudzi. Nyimbo ndi za mpingo, ng'oma ndi za kudambwe, malo ogona malemu amaloza ndi amfumu. M'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zambiri mwa izi zimagulidwa: banja limalipira malo kumanda a khonsolo monga a ku Area 18, ndipo makampani monga Goodwill, Sunset ndi Mthunzi amatha kusenza mbali yaikulu ya mwambo. Kumudzi sizili choncho, ndipo amene angakopere kachitidwe ka m'tauni osasintha kanthu aona mpamba wake ukusungunuka.

Chimene chatsalira inu ndi bokosi, galimoto, matenti ndi mipando, kusunga thupi podikira abale akutali, komanso kuthandiza banja pa zikalata. Si zochepa ayi. Koma dziwani kuyambira tsiku loyamba kuti pamaliro a kumudzi inu si mwini mwambo. Mwaitanidwa kudzagwira gawo limodzi la ntchito ya eni ake.

Mpamba wanga ndi wochepa. Ndiyambire pati?

Yambirani pa matabwa. Shedi ya kalipentala safuna fuliji, safuna galimoto, ndipo tsiku lopanda maliro imapanga zitseko. Amisiri kuno sasowa, poti sukulu ya Namitete Technical College yakhala ikuphunzitsa ukalipentala kwa zaka zambiri.

Chachiwiri ndi matenti, mipando ya pulasitiki ndi chimkuzamawu. Katunduyu ubwino wake ndi wakuti amabwerekedwanso pa ukwati, pa chinkhoswe, pa kumanga ziliza ndi pa misonkhano ya mpingo. Galimoto ibwere pambuyo. Mochale ikhale yomalizira, ngati idzafunike n'komwe.

Za malo: anthu ambiri amathamangira pachipata cha chipatala. N'zoona kuti chipatala cha St Gabriel, chimene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, chimalandira odwala ochokera kutali, ena a m'boma la Mchinji. Koma kuyalika mabokosi pamene odwala ndi owadikirira amadutsa m'mawa uliwonse n'kusowa ulemu, ndipo anthu sakuiwalani. Khalani pamalo ofikika pamsewu wa M12 kapena pafupi ndi msika, mabokosi akhale m'kati, panja pakhale chikwangwani ndi nambala ya foni yoyankhidwa usiku.

Ndi zikalata ziti zimene boma lifuna kwa ine?

Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho ku MRA, ndipo pezani chiphaso chochitira malonda ku khonsolo ya boma la Lilongwe. Galimoto ikhale ndi inshulansi ndi chiphaso chosonyeza kuti ili bwino pamsewu. Mukafuna kusunga kapena kukonza matupi, musaumbe njerwa ngakhale imodzi musanalankhule ndi akuluakulu a zaumoyo a boma la Lilongwe ndi a bungwe loteteza chilengedwe la MEPA.

Zikalata za malemu si zanu, ndi za banja, koma muzidziwe bwino kuposa banjalo. Lamulo la kalembera la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti imfa iliyonse ilembetsedwe ku National Registration Bureau. Wofera m'chipatala, achipatala ndiwo amalemba chimene chamupha. Wofera pakhomo, nkhani imayambira kwa amfumu. Kumudzi ambiri sazilabadira izi mpaka tsiku limene mayi wamasiye akufuna penshoni ya malemu amuna ake kapena ndalama zotsala ku banki, n'kupeza kuti popanda chiphaso cha imfa palibe chimene chingayende. Mukawakumbutsa pa nthawi yake, mwawachitira zazikulu kuposa kuwachotsera mtengo wa bokosi.

Imfa ya ngozi, yodzikhweza, yomira m'madzi kapena yokayikitsa, thupi musalikhudze apolisi asanafike. Ngakhale abale atakukakamizani motani, kanani.

Ndigwire nawo ntchito bwanji amfumu ndi adzukulu?

Apa ndi pamene bizinesi zambiri zimapunthwa, osati pa ndalama. Musanatsegule, kadzionetseni kwa anyakwawa a mudzi umene mukukhala ndi kwa agulupu, ndipo iwo akuuzani ngati n'koyenera kukafika kwa a T/A, kaya a Kalolo, a Kabudula kapena a M'bwatalika. Kumeneko simukukapempha makasitomala. Mukukanena kuti muli pano ndipo ntchito yanu ndi yakuti.

Tsiku la maliro galimoto yanu ikafika pamasamba ichepetse liwiro, wailesi izimitsidwe. Dalaivala asatsitse bokosi yekha ngati katundu wa kumsika. Afunse mwini zovuta, ndipo adzukulu ndiwo alandire. Muyeso wa bokosi, m'litali ndi m'lifupi, utumizeni msanga kwa adzukulu. Kasiketi imakhala yotambalala kuposa bokosi wamba, ndipo palibe chochititsa manyazi ngati bokosi kukana kulowa m'manda khamu lonse likuona, adzukulu n'kuyambanso kusema m'mbali uku akung'ung'udza dzina lanu. Makina otsitsira bokosi ndi kapeti wobiriwira musabwere nazo ngati eni ake sanapemphe. M'midzi yambiri kutsitsa malemu ndi ntchito ya adzukulu, ndipo kuwalanda ntchitoyo n'kuwanyoza.

Dera lino ndi la Achewa, ndipo ambiri amatsata kuchikazi. Mawu omaliza pa za kumene malemu akagone nthawi zambiri amakhala ndi eni mbumba, atsibweni a malemu, osati mwana wa ku Lilongwe amene watumiza ndalama pa foni. Bambo amene anali pachikamwini, abale ake atha kufuna kuti akagone kwawo pamene ana akufuna agone pomwepo. Mayi wa chitengwa nayenso nkhani yake imakhala yomweyo. Inu musaweruze. Galimoto isanyamuke mpaka ankhoswe a mbali zonse atagwirizana, chifukwa mafuta a ulendo wobwerera pa njira sadzakubwezerani aliyense.

Maliro ena ndi a Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Antchito anu adziwe poima ndi posafika, asajambule ndi foni, asaseke. Ena ndi a mpingo, kumene amayi a Chigwirizano, a Dorika kapena a mphakati amatsogolera nyimbo. Pakabuka kusamvana pakati pa ampingo ndi akudambwe, inu khalani m'galimoto mwanu. Asilamu amaika msanga, thupi lokulungidwa m'sanda, ndiye kwa iwo chofunika kwa inu ndi galimoto yofika pa nthawi yake, osati bokosi.

Mtengo ndiuike bwanji?

Werengerani chilichonse chimene chalowa m'bokosi: matabwa, misomali, guluu, vanishi, nsalu ya m'kati, zogwirira, malipiro a mmisiri, ndi kachigawo ka lendi ndi magetsi. Kenako onjezani phindu. Ambiri amaiwala lendi ndi thukuta lawo, n'kumadabwa kuti mabokosi akutuluka koma m'thumba mulibe kanthu.

Mtengo uchokere pa ndalama imene mudzagulire zipangizo mawa, osati imene munagulira mwezi watha. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mu May 2022 inali itatsitsidwanso ndi 25 peresenti. Zogwirira zonyezimira, vanishi ndi mankhwala okonzera thupi zimachokera kunja. Amene anagulitsa katundu wake pa mtengo wakale sabata ya mu November ija anapeza kuti ndalama ya mabokosi atatu ikungokwanira zipangizo za awiri.

Khalani ndi magulu atatu kapena anayi a mabokosi, ndipo mtengo wa lililonse ulembedwe poonekera. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona tsogolo la bizinesi yonse. Munthu woferedwa sanenerera, maso ake ali ndi misozi, ndipo n'kosavuta kumutchulira mtengo molingana ndi nsapato zimene wavala. Lero mudya. Koma pasiwa anthu amagona usiku wonse akucheza, ndipo pofika m'mawa mudzi wonse udziwa kuti bokosi lomwelo munagulitsa mtengo wina kwa a uje mwezi watha. Perekani lisiti lolemba chinthu chilichonse pachokha: bokosi, galimoto, tenti. Pamwambo pamakhala wowerenga ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo lisiti lanu ndilo limateteza amene anatumidwa kudzagula kuti asanenedwe kuti wadya za maliro.

Chinanso, musakankhire anthu ku kasiketi. Yambani kuonetsa bokosi lotsika mtengo, ndipo nalonso likhale lopalidwa bwino, lolimba pansi. Banja limene lagulitsa matumba a chimanga ndi ndalama ya feteleza chifukwa choti munalichititsa manyazi pamaso pa abale lidzakukumbukirani mu February.

Nanga matabwa abwino ndi ati?

Ouma. Thabwa laliwisi limapindika, limalemera, ndipo limatsegula mipata bokosi likakhala masabata angapo m'shedi. Paini ndi wopepuka komanso wosavuta kupala, ngakhale wakwera mtengo chifukwa nkhalango ya Chikangawa inatha kwambiri ndi moto ndi kudula kosabwezeretsa. Bulugamu amapezeka pafupi koma ndi wolemera ndipo amang'aluka pokhoma msomali. Malaina akakhalapo ndi abwino.

Wina akabwera usiku ndi matabwa a mlombwa kapena mbawa otchipa, n'kukuuzani kuti musafunse kumene achokera, dziwani kuti mwina ndi a ku Dzalanyama. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo wosunga matabwa opanda zikalata amagwa m'mlandu pamodzi ndi wodula. Ndiponso mtengo umene watenga zaka makumi angapo kuti ukule, kuukwirira pansi tsiku limodzi n'kuononga.

Anthu ambiri adzabwera opanda ndalama. Ndizikongoza?

Simungapewe. Imfa sidikira kuti fodya agulitsidwe, ndipo miyezi ya January mpaka March, pamene malungo ndi matenda otsekula m'mimba amachuluka, ndi miyezi yomwe m'midzi mulibe ndalama. Wokana ngongole kotheratu amatchedwa wouma mtima. Wovomera aliyense amatseka shedi chaka chisanathe. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, koma sananene kuti kalipentala alire yekha.

Njira yake ndi iyi. Choyamba, banja lipereke ndalama yokwanira zipangizo ndi mafuta, kuti chimene mwakongoza chikhale phindu lanu lokha, osati mpamba. Chachiwiri, ngongole ikhale ya munthu mmodzi wodziwika, wolembedwa dzina ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika, osati ya "banja". Ngongole ya banja ilibe mwini: maliro akatha aliyense amabwerera kwawo, ndipo mukapita kukafunsa amakuuzani kuti amene anadzatenga bokosi uja ali ku Kasungu. Pakhale mboni, amfumu kapena mkulu wa mpingo.

Chachitatu ndi nthawi. Ndalama ya maliro imaoneka masiku awiri okha, pamene chipepeso chikulowa ndipo abale a m'tauni adakali pomwepo ndi Airtel Money kapena Mpamba m'foni. Gwirizanani pasadakhale kuti gawo lanu lichoke pa chipepeso anthu asanabalalike. Koma musakaime pasiwa ndi buku m'manja. Tumizani mawu kwa amene munapangana naye, mukumane kuseri. Chotsala chimangirireni ku zokolola: msika wa fodya ku Kanengo umatsegulidwa cha mu April, soya ndi mtedza zimagulitsidwa kuyambira cha mu May. Ndipo dziikireni malire a ngongole zonse pamodzi. Akakwana, wotsatira mum'patse bokosi lotsika mtengo kwambiri, osati lonjezo lina.

Pali zinthu zitatu zimene musachite. Musaike chiwongoladzanja cha katapila pa bokosi la maliro. Musagwire thupi ngati chikole. Musalandire njinga, mbuzi, malata kapena munda kuchokera kwa abale a mwamuna popanda mayi wamasiye kudziwa, chifukwa lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo mungapezeke mwalowamo osadziwa.

Padzabweranso maliro a nkhalamba yopanda aliyense, kapena a khanda la mayi wosauka. Muziikiratu padera mabokosi angapo pachaka a anthu otere, muwalembe m'buku ngati thandizo, ndipo amfumu ndiwo azikuuzani woyenera. Chifundo chowerengeredwa sichigwetsa bizinesi.

Bwanji ndizitolera kandalama mwezi ndi mwezi kuti munthu akamwalira ndidzam'patse bokosi ndi galimoto?

Maganizowo ndi abwino, koma imeneyo ndi inshulansi, ndipo inshulansi sachita munthu wopanda chiphaso. Malamulo a za inshulansi ndi za mabungwe a zachuma amaika ntchitoyi pansi pa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank. Chifukwa chake n'chomveka. Miyezi yoyamba ndalama imangolowa, mumagula galimoto, mumaona ngati zanu. Kenako kugwa mliri, mamembala asanu amwalira sabata imodzi, ndipo mulibe chowapatsa.

Chotheka ndi kukhala ejenti wovomerezeka wa kampani ya inshulansi, kapena kugwirizana ndi magulu amene alipo kale: mabanki m'khonde okhala ndi thumba la zadzidzidzi, makalabu a alimi a fodya, magulu a mipingo, aphunzitsi a sukulu imodzi. Ndalama azisunga okha, inu mungowalonjeza mtengo wodziwika ndi kufika msanga.

Galimoto yoyenera ndi yotani?

Yokwera pansi. Mukangosiya tala wa M12, misewu yambiri yolowera m'midzi ndi yafumbi, ndipo m'dzinja ndi matope ndi timilatho ta mitengo. Galimoto yaitali yonyezimira ya m'tauni imakathera padambo, bokosi n'kumalizira ulendo pangolo. Pikapu yokhala ndi denga kumbuyo, yotsukidwa bwino, yokhala ndi zomangira bokosi kuti lisagwedezeke, imagwira ntchito yonse.

Lipiritsani pa kilomita, kupita ndi kubwerera, ndipo nenani poyamba mtengo wodikira. Kuchoka pa Namitete kukafika ku chipatala cha Kamuzu Central ndi makilomita pafupifupi 50, koma dalaivala atha kutha tsiku lonse akudikira zikalata ndi abale. Nenaninso chiwerengero cha anthu okwera. Pamaliro aliyense amafuna kukwera ndi malemu, ndipo dalaivala wofatsa amapezeka wanyamula anthu khumi ndi asanu pamwamba pa bokosi. Operekeza apeze lole kapena minibasi yawo. Popeza mafuta amasowa kawirikawiri m'dziko muno, thanki isagone yopanda kanthu. Ngati mulibe galimoto yanu, panganani ndi eni mapikapu awiri kapena atatu odalirika, mtengo wokhazikika, inu muzingoyankha foni.

Kodi ndimange mochale yanga?

Osathamanga. Thupi limasungidwa pa kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 4, usana ndi usiku, ndipo magetsi akazima maola angapo m'nyengo yotentha ya October ndi November, chimene chimachitika sichikonzekanso. Kumbukirani kuti namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Mochale yopanda jenereta yodalirika, mafuta ake, madzi okwanira ndi dzenje la madzi oipa lotalikirana ndi zitsime ndi tsoka longodikira tsiku. Kumudzi maliro ambiri amaikidwa tsiku lotsatira, ndiye werengerani bwino kuti ndi mabanja angati pamwezi amene angalipire kusunga thupi. Kawirikawiri n'kwanzeru kugwiritsa ntchito mochale za zipatala ndi za makampani a ku Lilongwe, inu n'kumangonyamula.

Kukonza thupi ndi mankhwala kukhale kwa munthu wophunzira ntchitoyo. Fomalini amaotcha maso ndi mapapo, ndipo ali m'gulu la mankhwala odziwika kuti amayambitsa khansa. Pafunika magolovesi, chotchinga kukamwa ndi mphuno, epuloni, ndi chipinda cholowa mphepo. Pakhalenso wantchito wamkazi, poti mwambo wathu thupi la mayi amasambitsa ndi amayi.

Thupi lililonse lolowa m'manja mwanu lilembedwe m'kaundula: dzina, tsiku, ola, amene wabweretsa, amene watenga, ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Pamkono pakhale chizindikiro. Izi zimapewetsa kusinthanitsa matupi, komanso zimakutetezani. Kutsatira kuphedwa kwa anthu achialubino ndi kufukulidwa kwa manda awo, Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa lamulo lokhudza ziwalo za anthu mu 2016. Posambitsa ndi poika m'bokosi pakhale wachibale woona ndi maso ake.

Kukagwa mliri ndichite chiyani?

Mverani azaumoyo, osati abale. Kolera imene inayamba mu March 2022 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Lilongwe linali limodzi mwa okhudzidwa kwambiri. Thupi la womwalira ndi kolera limathiridwa kololini, limakulungidwa m'pulasitiki, ndipo limaikidwa msanga moyang'aniridwa ndi alangizi a zaumoyo, popanda kusambitsa kwa pakhomo kapena kuphika chakudya cha khamu. Nthawi ya Covid-19, imene inafika mu April 2020, boma linachepetsanso chiwerengero cha anthu osonkhana pamaliro. Abale adzakuchondererani kuti mutsegule aone nkhope. Afotokozereni mofatsa, koma musatsegule. Galimoto, matenti ndi mipando zitsukidwe ndi kololini zisanapite kwina.

Malemu ochokera ku Joni kapena ku Zambia, gawo langa ndi liti?

Ochokera ku South Africa nthawi zambiri amabwera ndi kampani ya komweko, pamsewu wodzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kulowa pa Dedza kapena pa Mwanza, kapena pa ndege kutsikira pa Kamuzu International Airport. Zikalata zake, monga chiphaso cha imfa, chosonyeza kuti thupi lakonzedwa, ndi chilolezo cholowera m'dziko, zimayendetsedwa kumeneko mothandizidwa ndi ofesi za kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi Johannesburg. Gawo lanu ndi kulandira ku Lilongwe ndi kufikitsa kumudzi, kumanga matenti, ndi kuuza banja zoona za tsiku lofika, kuti anthu asagone pasiwa sabata yathunthu akudya chimanga cha ana amasiye. Magulu a Amalawi osonkherana za maliro ku Joni amafuna munthu wodalirika kuno, akakupezani, amakuitananso. Ochokera ku Chipata amadzera pachipata cha Mwami ndi Mchinji, ndipo nawonso safika popanda zikalata za mbali zonse ziwiri.

Ndidzitsatsa bwanji anthu osandinena kuti ndikupempherera imfa?

Adzanena ndithu. Wogulitsa mabokosi akamanga nyumba ya malata, pamakhala wina wonong'ona kuti ngokhwima. Musazitenge mopepuka: mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a kumwera. Mankhwala ake ndi kuchita zinthu poyera. Shedi ikhale yoti aliyense atha kulowa, antchito akhale ana a m'dera lomwelo, ndipo inuyo muzipezeka pamaliro a anzanu ngati mnansi, mutakhala pansi ndi abambo anzanu, ngakhale bokosi anagula kwina.

Chikwangwani, nambala ya foni kwa amfumu, kwa akulu a mipingo ndi kwa akabaza, zakwana. Osapita kuwodi kukazonda odwala. Osalipira wantchito wa m'chipatala kapena wa kumochale kuti azikutumizirani oferedwa. Ndi ziphuphu, ndalamayo imakakwera pa mtengo wa bokosi, ndipo tsiku limene mnzanu adzam'patse yochuluka, adzakusiyani.

Antchito ndiwasamale bwanji?

Alembeni mwa pangano lolembedwa, alipireni osachepera malipiro amene boma lakhazikitsa, ndipo kumbukirani penshoni: olemba ntchito amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Ntchito ya usiku ikhale ya kasinthasintha. Mowa pa ntchito ayi, ngakhale kumanda ena akumwa. Aphunzitseni mawu: sitinena "mtembo" pamaso pa abale, timati "malemu" kapena "thupi", sitinena "kasitomala wabwera", timati "kwabwera a zovuta". Mnyamata wolankhula mwachipongwe mphindi imodzi amagwetsa zimene mwamanga zaka zisanu.

Ndalama asalandire aliyense. Pakhale munthu mmodzi, buku limodzi la malisiti, ndi nambala ya foni ya bizinesi yosiyana ndi yanu. Inunso dziikireni malipiro a pamwezi, musamangotapa m'kabati. Abale anu akaferedwa, bokosi limene mwapereka lilembedwe.

Kodi bizinesi imeneyi singagwe, poti imfa siitha?

Imagwa. M'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000, Edzi ili pachimake, mashedi a mabokosi anachuluka m'misewu ya ku Lilongwe, makamaka cha ku Mchesi, ndipo akalipentala ambiri anasiya mipando n'kumangokhoma mabokosi. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, imfa zinatsika chaka ndi chaka, ndipo ambiri mwa mashedi aja anabwerera ku mabedi ndi masofa kapena anatseka. Imeneyo inali nkhani yabwino kwa dziko, ndipo wa bizinesi amene sangakondwere nayo walowa ntchito yolakwika.

Choncho musawerengere phindu lanu pa mwezi umene maliro anachuluka. Werengerani pa chaka chonse, muone ngati lendi ndi malipiro zingatuluke m'mwezi umene mwagulitsa mabokosi awiri okha. Ngati sizikutuluka, zitseko, mafelemu, madesiki a sukulu, matenti a ukwati ndi ziliza za m'chilimwe ndizo zikwaniritse. Ziliza zokha ndi msika waukulu kuno kuyambira anthu akakolola mpaka mvula isanagwe, ndipo zimafuna simenti, mmisiri ndi munthu wolemba dzina la malemu mosalakwitsa. Dzinalo banja lilembe lokha papepala, inu musunge pepalalo.